Chilembo chimodzi chinandidyera masiku atatu

Ntchito yanga kumunda wosungirako zomera ndi kusamala zomera zam'madzi, koma sabata yathayi anandisenzetsa inanso: kulemba zikwangwani zatsopano zomata pa thanki iliyonse. Mumtima ndinati pofika Lachiwiri ndikhala nditamaliza. Ayi ndithu, kachomera kamodzi kanandikola mwendo mpaka Lachisanu.

Dzina lake ndi Aldrovanda vesiculosa. Kalibe mizu, kamangoyandama m'munsi pang'ono mwa madzi, kutsogolo kakukula, kumbuyo kakuola. Masamba ake amazungulira tsinde ngati masipoko a njinga, ndipo kunsonga kwa tsamba lililonse kuli kamsampha ka mamilimita awiri kapena atatu. Kachilombo kakangokhudza tiubweya tamkati mwake, msampha uja umatsekeka, diso lisanaphethire n'komwe.

Lolemba lonse linathera pochotsa ndere. Ndere ndiye mdani wamkulu wa kachomeraka: madzi akachuluka chakudya, imakulunga misampha yonse mpaka kachomera kutsamwa. Timayika masamba ouma a bango pansi pa thanki kuti aziola pang'onopang'ono, madzi akhale owawasa pang'ono komanso odzaza mpweya umene chomera chimafuna. Ndere yotsalayo timaitola ndi kapani, ulusi umodziumodzi, msana uli kuwawa.

Lachiwiri ndinakhala pansi kulemba. Ndinkadziwa kale kuti dzinali limakumbukira Ulisse Aldrovandi, katswiri wa zachilengedwe wa ku Bologna, mzinda wa ku Italy, amene anayambitsa munda wa zomera mumzindawo mu 1568. Ndiye poona chikwangwani chakale ndinati apa wina analakwitsa potaipa. Munthu ndi Aldrovandi, nanga i wapita kuti? Ndinalemba Aldrovandia, n'kusindikiza, ine wanzeru. Mkulu wina amene wagwira pano zaka zambiri anachiyang'ana n'kundifunsa mofatsa kuti, "Achimwene, i ameneyu mwamutola kuti?"

Lachitatu ndinalowa m'mabuku kuti ndiwatsutse, ndipo zimene ndinapeza zinandiseketsa ndekha. Gaetano Monti, wa ku Bologna komweko, ndiye anatcha chomerachi Aldrovandia mu 1747, patapita zaka 142 mwinidzina atamwalira. Kenako Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, poika dzinali m'buku lake la Species Plantarum mu 1753, anasiya i uja. Tsono malamulo a mayina a zomera amayamba kuwerenga kuchokera pa buku lomweli, choncho kalembedwe ka Linnaeus ndi kamene kanakhazikika. Ine ndinagwirizana ndi Monti, koma kumbali ya malamulo ndinali wolakwa, ndipo mkulu uja sanaonjezepo mawu.

Theka lachiwiri la dzinali nalonso lili ndi nkhani yake. M'Chilatini vesiculosa ndi chinthu chokhala ndi timatumba. Akatswiri akale ankayesa misampha ija ndi timatumba ta mpweya tothandiza chomera kuyandama. Zoti ndi pakamwa pogwirira nyama zinadzamveka bwino pambuyo pake, ndipo Charles Darwin anakalemba m'buku lake la zomera zodya tizilombo mu 1875. Kwa ine theka limeneli ndi losangalatsa kuposa la i, chifukwa dzina likunenabe zimene anthu ankaona asanamvetse chimene akuona.

Lachinayi ndinathira tizilombo tam'madzi ndi mphutsi zing'onozing'ono za udzudzu m'kambale, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Mphindi makumi awiri popanda chochitika. Nditangosuntha mutu kuti ndiwongole khosi, pobwerera ndinapeza msampha watseka kale, mchira wa mphutsi uli panja ukugwedera.

Vuto la Lachisanu linali malo. Chikwangwani chimalowa mizere inayi basi. Monti ndinamuchotsa, Darwin ndinamuchotsa, ndinatsala ndi Aldrovandi, tanthauzo la vesiculosa, ndi chenjezo loti chomerachi chili pangozi yotheratu ngakhale kale chinkapezeka malo ambiri ku Ulaya, Asia, Africa ndi Australia. Chikwangwani cholakwika chija sindinachitaye. Ndachimata mkati mwa chitseko cha kabati yosungiramo tipani tathu.