Ulendo wa ku Washington: thandizo la boma kwa akapolo omasulidwa

Loweruka lapitali, gulu lathu la Amalawi okhala ku Maryland linapita ku Washington kukamva momwe boma la America linathandizira akapolo atamasulidwa. Tinayambira ku National Museum of African American History and Culture, nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda a ku America.

Nkhondo yapachiweniweni ikutha mu 1865, anthu pafupifupi 4 miliyoni anatuluka mu ukapolo manjamanja. Pa 3 Marichi chaka chomwecho boma linakhazikitsa Freedmen's Bureau, ofesi imene inali pansi pa unduna wa zankhondo, ndipo mkulu wake anali General Oliver Otis Howard. Inkagawa chakudya, kutsegula zipatala, kuthandiza sukulu, komanso kulembetsa maukwati, pakuti mu ukapolo lamulo silinkazindikira banja la kapolo. Amayi a m'gulu lathu anakhalitsa pamenepa, akupukusa mitu.

Imene inatiutsa mkangano ndi nkhani ya minda. Mu Januwale 1865 General Sherman analamula kuti malo a m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida agawidwe, banja lililonse mpaka maekala 40. Anthu analima. Pulezidenti Abraham Lincoln ataphedwa, Andrew Johnson, amene analowa m'malo mwake, anabwezera minda yambiri kwa eni akapolo aja, ndipo Howard yemweyo anakauza anthu a pachilumba cha Edisto kuti malo si awonso. Ena mwa ife ankati sukulu zinali zokwanira poyambira. Ine ndinakana. Munthu wopanda munda akadya chiyani? Ambiri anabwerera kukalimira mabwana omwewo mogawana zokolola, ngongole ikukula chaka ndi chaka.

Masana tinadutsa pa Howard University, imene inatsegulidwa mu 1867 ndi thandizo la Freedmen's Bureau. Sitinachedwepo, mvula inatithamangitsa.

Tinamalizira pafupi ndi White House, pamalo pamene panali likulu la Freedman's Savings Bank. Omasulidwa ankasungitsako tindalama tawo poganiza kuti boma likuyiteteza. Ayi ndithu. Inagwa mu 1874, patangopita miyezi yochepa Frederick Douglass, mtsogoleri wa anthu akuda amene anathawa mu ukapolo, atayamba kuyitsogolera, ndipo ambiri sanabwezeredwe zonse. Apa n'kuti ofesi ya Howard itatsekedwa kale mu 1872. Nyumba imene ilipo pano ndi ya unduna wa zachuma, ndipo anayitcha Freedman's Bank Building mu 2016.