Madontho a pa mapu amatsata msewu

Sabata yonseyi yandithera pa chomera chimodzi, Pachypodium namaquanum, chomwe chimamera m'mapiri a miyala a m'chipululu cha Richtersveld ku South Africa ndi kutsidya kwa mtsinje wa Orange, kummwera kwa Namibia. Wofufuza wina akufuna mapu osonyeza kumene chimapezeka, ndiye ine amene ndimasamala zomera zouma mu herbarium, malo osungirako zomera zoumitsidwa zofufuzira, ndinayenera kumufukulira umboni.

Lolemba, mapepala omatapo zomera zouma amene tinabwereka ku herbarium ina anali akadali mu firiza. Chilichonse chochokera kunja chimayamba chagona mmenemo pa -20°C kwa masiku angapo kuti tizilombo tife pamodzi ndi mazira ake. Choncho ndinayamba ndi a m'makabati mwathu.

Kwawo kumapiriko chomerachi ndi thunthu lonenepa la minga yokhayokha, lina lotalika kuposa munthu, masamba ali kunsonga kokha, mutu utapendekera kumpoto. Zonsezo sizingakwane pa pepala la masentimita 29 m'lifupi ndi 42 m'litali. Chimene umapezapo ndi timasamba topindikapindika m'mbali, maluwa amene kale anali ofiira mkati koma pano anada bii, mwina ndi kachidutswa ka khungwa ndi minga yake. Zomera zosunga madzi n'zovuta kuumitsa. Ukangozipanikiza mu nyuzipepala osazing'amba, zimawola, zina mpaka kuphukira momwemo.

Mutu unandiwawa pa malebulo, Lachiwiri ndi Lachitatu. Atsopano savuta, manambala a GPS alipo kale. Koma pali ena olembedwa pamanja, inki itazilala, ongotchula phiri lina kumpoto kwa mtsinje kapena dzina la famu limene linasintha kalekale. Apo umafukula mapu akale, n'kuyang'ananso kumene wotolayo anali dzulo lake ndi mawa lake, poti manambala a zomera zake amatsatizana. Ukaika dontho, umalizunguliza ndi mzere wosonyeza makilomita amene ungakhale utaphonya. Ena amaudumpha mzerewu kuti mapu aoneke oyera. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kunamiza amene adzagwiritse ntchito mapuwo.

Pofika Lachinayi madontho anali atandandalika pa kompyuta, ambiri ali mumzere. Wofufuzayo anakondwa, nati zikuonetsa kuti chomeracho chimakonda kufupi ndi mtsinje. Ndinamupempha kuti asanjike mapu a misewu pamwamba pake. Mzere wa madontho unagona ndendende pa msewu. Otola zomera nawonso ndi anthu: amaima pamene galimoto yafika, n'kukwera phiri lapafupi, madzi akumwa akatsala pang'ono n'kutsika. Komanso chomerachi chimayoyola masamba nyengo yotentha, ndipo palibe amene amavutika kutola thunthu la minga lopanda tsamba kapena duwa. Phiri lopanda dontho likhoza kukhala lodzaza nazo, kungoti sikunafike munthu wonyamula chopanikizira.

Lachisanu ndinakonza zoti zipite pa GBIF, nkhokwe ya pa intaneti yosonyeza kumene zamoyo zinapezeka, imene aliyense amatha kutsegula, kuphatikizapo ozembetsa zomera. Chomerachi chili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, ndipo chimakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, moti chimene wakuba angazule usiku umodzi chingakhale chakale kuposa iye mwini. Manambala enieni a GPS ndinawasunga m'mafayilo athu, apagulu ndinawafupikitsa kuti angosonyeza dera. Wofufuzayo akafuna enieniwo asaina kaye fomu.