Oyilo wa giyabokosi si wongothira aliyense

Anzanga a ma pikapu a dizilo, nkhani ya oyilo wa mu giyabokosi timaitenga mwachibwana kwambiri. Munthu ukafika kusitolo ya masipeya nkunena kuti ndikufuna giya oyilo, amangokutengera 80W-90 kapena 85W-140 wa GL-5 basi (manambalawo ndi kulemera kwa oyilo, GL-5 ndi gulu lake), osafunsanso kuti ndi galimoto yanji. Komatu amene uja kwenikweni ndi wa mu difu, mwa magiya ogawa mphamvu ku matayala muja.

Mkati mwa giyabokosi ya manual muli timaringi ta brass, ma synchro aja, ntchito yake ndi kugwira giya kuti liwiro lifanane musanalowetse. Nde GL-5 ali ndi mankhwala ambiri a sulphur ndi phosphorus, amaterera mopitirira muyezo, ena amadyanso brass pang'onopang'ono, mapeto ake mmawa kukazizira second ikukana, third ikulira khrrr, inu nkumati ndi kilatchi. Ndichifukwa chake magiyabokosi ambiri amafuna oyilo wa gulu la GL-4, monga 75W-90 wolembedwa GL-4.

Koma si onse ayi. Ma Isuzu KB ambiri buku lake limanena kuti muthire oyilo wa injini mu giyabokosi, ndipo ku America ma Ford ena a manual amayendera ATF, oyilo wofiira uja wa magiyabokosi a automatic. Ine ndimakhulupirira buku la galimoto kuposa mawu a pa kawuntala.

Posintha yambani mwamasula pulagi yothirira, chifukwa mukakhetsa kaye kenako yapamwambayo nkukana kumasuka ndiye mwagona pompo. Pulagi yapansi ikakhala ndi maginito yang'anani, phala lotuwa ndi zabwinobwino koma tizidutswa tachitsulo pitani kwa makaniko. Thirani galimoto ili pamalo osapendekeka mpaka oyilo ayambe kudontha pabowo.