Mwezi umene ndinagulitsa galimoto pa tebulo lodyera

Mu Disembala 2023 mwana wa achemwali anga anabwera kudzatha nafe tchuthi kuno ku Area 25, atanyamula laputopu yomwe ikatentha imalira ngati chigayo. Tsiku lachiwiri ndikuchokera kuntchito ndinamupeza pa tebulo lodyera akulankhula yekha, nkhope ili gwaa. Nditasuzumira ndinaona bwalo lodzaza galimoto, aliyense wogulitsa ataima pambali pa yake.

"Amalume, takhalani apa muone," anatero. "Mkulu uyu akufuna kundidyera masuku pamutu. Penti ya chitseko ichi si yake yoyamba, koma mtengo akutchula ngati galimoto yangotsika kumene m'sitima."

Ndinakoka mpando poganiza kuti ndingokhala pang'ono. Nsima inatipeza pomwepo, ndipo mayi a kunyumba anachita kutiuza kawiri kuti tichotse makinawo patebulo.

Inali gemu ya pa kompyuta, dzina lake ndi Car For Sale Simulator 2023. Anaipanga ndi a Red Axe Games a ku Turkey, ndipo anaiika pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mu Meyi 2023 isanathe kupangidwa, monga amachitira ambiri masiku ano: anthu amagula n'kumasewera, opanga akupitiriza kukonza. Zochita zake n'zosavuta kumva. Umayamba ndi kampamba kochepa. Umapita kumsika wa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito, kuzungulira, kufunsa mtengo, kunenerera. Ukagula ukhoza kupita nayo kwa oyeza kuti akuuze za injini ndi mbali zomwe zinagundidwapo, kenako kukonzetsa, kutsuka, mwina kupentetsa. Ukatero umaijambula chithunzi, kuika malonda ndi mtengo wako, n'kudikira ogula. Nawonso akabwera amanenerera. Mayina a galimotozo ndi opeka, koma munthu wodziwa galimoto amazizindikira ndi maonekedwe.

Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Komabe anthu anaithamangira, ndipo ine ndinakhala gawo lalikulu la mwezi umenewo ndikulimbirana mpando ndi mnyamata wa zaka 19. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa kuti chimakoka anthu n'chiyani m'magemu amtundu umenewu, poti ntchito yogulitsa galimoto zakale si imene mwana amaitchula mphunzitsi akafunsa kuti udzakhala ndani.

Kwa ine yankho linayambira mu 2019, pamene ndinagula galimoto yanga yoyamba, ka Toyota Vitz kotuwa. Ndinasunga ndalama zaka zitatu. Amene anandigulitsa anali munthu waulemu, wolankhula mofatsa, ndipo anandilola kukayendetsa mpaka ku Kanengo n'kubwerera. Ndinatsegula boneti chifukwa ndinkaona ena akutero, koma zomwe ndinkayang'anamo sizinkandiuza kanthu. Patatha miyezi iwiri giyabokosi inayamba kukoka, kenako inakana. Amakaniko a ku Biwi atatsegula anangopukusa mutu, n'kunena kuti vutoli ndi lakale ndipo mwini wake sakanalephera kulidziwa. Nambala ya foni ya mkulu uja inali itasiya kugwira. Ndalama zinandipweteka, koma chomwe chinandisowetsa tulo chinali china: pa tsiku logulalo tinaima anthu awiri pambali pa galimoto imodzi, mmodzi akudziwa zonse, wina osadziwa kanthu, ndipo tinagwirana chanza tikumwetulira.

Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za vuto lenileni limeneli mu 1970, pogwiritsa ntchito msika wa galimoto zakale ngati chitsanzo, ndipo mu 2001 analandira nawo mphoto ya Nobel. Kwawoko galimoto yooneka bwino kunja koma yovunda mkati amaitcha ndimu. Mfundo yake inali yakuti wogula akamalephera kusiyanitsa yabwino ndi yoipa, safuna kulipira mtengo wa yabwino, ndiye eni galimoto zabwino amayamba kuchoka pamsika, n'kutsala mandimu. Ine sindinafunike sukulu kuti ndimve zimenezi. Ndinazimva ndikukankha Vitz pa Area 18.

Gemu ija imakusamutsa n'kukuika mbali ya wodziwa. Ndi mmene ndimaonera kutchuka kwake. Nthawi yoyamba imene lipoti la oyeza linatuluka pa sikirini, likusonyeza kuti galimoto yomwe mwini wake amaitamanda inagundidwapo, ndinamva kukoma komwe sindingakubisireni. Chomwe chinabisika kwa ine mu 2019 chinali poyera, m'mizere yowerengeka. Pafupifupi munthu aliyense wamkulu anagulapo chinthu chakale ali ndi mantha, kaya ndi foni, kaya njinga, kaya firiji. Kusewera ngati wogulitsa kuli ngati kuloledwa kulowa kuseri kwa sitolo kumene sunafikeko.

Kenako pali kunenerera. Magemu okonza galimoto analipo kale. Car Mechanic Simulator, yofalitsidwa ndi kampani ya PlayWay ya ku Poland, inayamba kutuluka mu 2014, ndipo ya 2021 ndi yozama kwambiri pa nkhani ya zitsulo: umamasula nati iliyonse, kusintha mabuleki, kuphwasula injini yonse. Mmenemo ukhozanso kugula chiphakasa, kuchikonza n'kuchigulitsa, koma mtengo imakuuza ndi kompyuta, palibe wokangana naye. Ya ku Turkey ija inachepetsa za sipanala n'kuika munthu patsogolo pako. Ukatchula mtengo wotsika kwambiri amakana. Ukakweza pang'ono amalingalira. Kamphindi kodikira yankho lake ndi kamene kamagwira mtima, ndipo aliyense amene anaimapo pa kaunjika atagwira jekete, akunamizira kuchoka kuti wogulitsa amuitanenso, amakadziwa kamphindi kameneka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa laputopu palibe manyazi. Ukhoza kutchula theka la mtengo osaopa kuti akuseka kapena akuuza kuti ulibe ulemu.

Ndikuganizanso kuti si mwangozi kuti gemuyi inachokera ku Turkey pa nthawi imeneyo. Mu Okutobala 2022 kukwera mitengo kwa zinthu m'dzikolo kunadutsa 85 peresenti pachaka, malinga ndi ziwerengero za boma lomwe. Ndalama yawo, lira, inkasungunuka m'manja, ndiye anthu anayamba kugula galimoto ngati nkhokwe: ugule lero, ugulitse pakatha miyezi ingapo pamtengo wokwera. Zinafika poti galimoto yoyendapo kale inkatha kudula kuposa yatsopano, mpaka boma linaletsa ogulitsa kugulitsanso galimoto yatsopano isanathe miyezi 6 ndi kuyenda makilomita 6,000. Kumeneko kupita ndi galimoto kwa oyeza usanagule ndi chizolowezi, n'chifukwa chake m'gemumo mbali imeneyi ili pakati penipeni. Anaipanga anthu omwe nkhani ya mitengo ya galimoto ankaimva tsiku lililonse. Ine ndinkasewera patangotha mwezi umodzi kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga amene anali ndi galimoto panjira kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam akuwerengeranso msonkho mutu uli m'manja. Sindinavutike kumvetsa dziko lomwe linabala gemu yotere.

Koma kufalikira kwake kwenikweni kunadzera mwa anthu odzionetsa akusewera m'mavidiyo a pa YouTube ndi pa Twitch. Mnyamata wathu uja anaidziwira kwa anyamata a ku India omwe ankaisewera akufuula m'chinenero chomwe iye samva ngakhale liwu limodzi. Sankafunika kumva. Munthu wagula galimoto motchipa, waitsuka, wogula wabwera, avomera kapena akana? Nkhani yonse imatha m'mphindi zochepa ndipo imaoneka ndi maso. Ngakhale zolakwika za m'gemu, galimoto kudumpha mosayenera kapena munthu kuima malo osayenera, kwa oonera zimasanduka zoseketsa. Kwa amene walipira ndalama zake ndiye nkhani ina.

Mukawerenga ndemanga za ogula pa Steam za magemu amtundu uwu, madandaulo amabwerezabwereza: kompyuta imalemedwa, kayendedwe ka galimoto sikakhutiritsa, zolakwika zachuluka, ndipo pakatha maola angapo zonse zimafanana. Oyamikira amati ndi gemu yopumulira ukaweruka, ndipo amakonda kuona kampamba kakukula mpaka kugula galimoto zapamwamba. Magulu awiriwa onse akunena zoona. Steam imalola kubweza gemu ngati sunaisewere maola opitirira awiri ndipo sipanathe masiku 14 chiigulireni, ndipo maola awiri oyambawo ndi amene magemu awa amakoma kwambiri. Kutopa kumabwera pambuyo, nthawi yobweza itadutsa.

Za pa foni ndingonena mwachidule. Gemu ija itatchuka, pa Play Store panadzaza zotengera, za mayina ofanana moti ukhoza kusokoneza. Ndinayesako ziwiri mnyamata uja atapita. Zotsatsa malonda zinkatuluka pafupifupi paliponse pomwe ndagwira, bandulo n'kutha ndisanagulitse galimoto zitatu. Ndinazichotsa.

Chomwe ndikufuna kukhalapo pang'ono ndi kutopa kuja, chifukwa kwa ine sikunabwere chifukwa cha zolakwika za mapulogalamu. Kunabwera usiku wina, sabata yachitatu. Ndinali nditagula galimoto yofiira yomwe oyeza anati injini yake yatopa. Kukonzetsa kukanadya phindu lonse. Mnyamata uja anati, "Ingotsukani amalume, muijambule bwino. Wina agula." Ndinatsuka, ndinajambula, ndinaika mtengo. Sipanatenge nthawi, wogula anabwera, tinanenerera pang'ono, anavomera, ndalama zinalowa.

Ndinakhala chete ndikuyang'ana chiwerengero cha ndalamacho. Ndinali nditachita zomwe anandichita mkulu wa Vitz uja, mwadongosolo lomwelo, ndipo zinali zophweka kwambiri. Ndikudziwa kuti wogulayo sanali munthu, ndi zithunzi chabe. Koma ndinaona mmene maganizo amayendera ukakhala mbali inayo: suganiza kuti ukunamiza munthu, umangoganiza za mpamba wako ndi galimoto yotsatira yomwe waiona kumsika. Kwa zaka zinayi ndinkamuona mkulu uja ngati chilombo. Usiku umenewo ndinayamba kumuona ngati munthu amene anawerengera ndalama zake n'kusankha kutseka pakamwa. Sindinamukhululukire, koma ndinamumvetsa, ndipo kumumvetsako kunandiwawa kuposa kumuda.

Ndinadikira kuti wogula uja abwerenso. Masiku a m'gemu anadutsa, sanabwere. Palibe anaimba foni, palibe anabwera ndi mlamu wake kudzakalipa pageti, palibe anauza anzake kuti kwa uyu musapiteko. Apa ndi pamene chidwi changa chinayamba kuzilala. Malonda enieni a galimoto, makamaka m'tauni ngati Lilongwe momwe aliyense amadziwa wina wodziwa iwe, amayenda ndi mbiri. Wogulitsa amakumana ndi amene anamugulitsa ku maliro, ku tchalitchi, pamzere wa mafuta. Alipo amene anthu amawalozerana kuti pitani kwa uje, sabisa kanthu, ndipo amenewo amagulitsa ngakhale mtengo wawo uli wokwererapo. Ogula a m'gemu sakumbukira za dzulo. Ukadziwa malire a mtengo omwe amavomera, zotsala ndi masamu, ndipo masamu omwewo ukawachita kambirimbiri amatopetsa. Ndikukhulupirira kuti ambiri olemba kuti gemu imabwerezabwereza akudandaula chinthu chomwechi, kungoti amachitchula mwanjira ina.

Chikhamu cha osewera sichikhalitsa malo amodzi. Kumayambiriro kwa 2024 ambiri anasamukira ku Supermarket Simulator, yochokeranso ku Turkey, kukapanga mitengo ya mafuta ophikira ndi buledi. Koma za galimoto sizinafe. Mu 2025 a Garage Monkeys a ku Poland anatulutsa Car Dealer Simulator, ndipo ena akupangabe zawo. Njala yake ilipobe. Chomwe ndingakonde kuona kwa aliyense wopanga ndi wogula amene amakumbukira nkhope yako. Ndikufuna mayi amene ndinamugulitsa galimoto yabwino adzabwere ndi mchimwene wake chaka chamawa, ndiponso bambo amene ndinamubisira za injini adzandipeze ndili pakati pa malonda ena.

Tchuthi chisanathe, aneba athu anapempha kuti ndiwaperekeze kukaona Toyota Sienta yomwe wina ankagulitsa ku Area 47. Ndinatenga mnyamata uja, komanso ndinaumirira kuti tidutse ku Biwi titenge amakaniko anga, ngakhale anebawo ankaona ngati n'kutaya ndalama. Tili kumeneko, akuluakulu tikupatsana moni, mnyamatayo anali atanjuta kale pambali pa galimoto, akuyang'ana penti mopendeketsa mutu molunjika dzuwa. Anadzuka, anabwera pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Amalume, chitseko chakumbuyochi mtundu wake wasiyana pang'ono. Afunseni."

Ndinafunsa. Mwini galimoto anakhala kaye chete, kenako anati inde, njinga yamoto inagundapo chaka chatha, ndipo anatisonyeza pomwe anawongola. Amakaniko anagwada, anagogoda, anayang'ana kunsi, n'kunena kuti chitsulo chachikulu sichinakhudzidwe. Mtengo unatsika pang'ono, aneba anagula, ndipo Sienta ija ikutengabe ana kupita nawo kusukulu m'mawa uliwonse.