Lachitatu ku Randburg, ku Joni: impso za galu wa madamu

Lero sindinagwire za kumunda. Madamu anati ndiwaperekeze kwa dokotala wa ziweto, chifukwa galu wawo wayamba kumwa madzi mosalekeza, akukodza pafupipafupi, ndipo nthiti zayamba kuoneka. Atayeza magazi ndi mkodzo, anapeza kuti ndi impso. Galu wa zaka zinayi zokha!

Adokotala anafunsa za ukhanda wake. Madamu anamutenga kwa anthu ena omwe anamubaya jekeseni wa gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, ali ndi masiku ochepa, atadwala. Adokotala akuganiza kuti vuto linayambira pamenepo, ndipo zomwe anafotokoza zandikhala pamtima tsiku lonse.

Mkati mwa impso muli timasefa ting'onoting'ono tosefa magazi. Kwa munthu, timasefati timamaliza kupangika ali m'mimba, cha m'sabata la 36. Koma kwa galu ndi khoswe timapitiriza kupangika akabadwa. Mankhwala aukali akafika nthawi imeneyo, tina sitipangika n'komwe, ndipo thupi silidzapanganso tatsopano. Totsalato timasenza ntchito yonse, timakula mopitirira muyezo, kenako timachita zipsera n'kumafa kamodzikamodzi. Kakafa kamodzi, katundu amachulukira anzake. Zili ngati munda wa anthu khumi kuusiyira anthu anayi: chaka choyamba alima, koma msana suchedwa kuthyoka. Chondiwawa n'choti nyamayo imaoneka yathanzi kwa zaka, zizindikiro zimadzabwera impso zitawonongeka kale kwambiri. Akuti pa makoswe zinaonekanso kuti khoswe wabere akabayidwa gentamicin, ana ake amabadwa ndi timasefa tochepa.

Ananenanso za miimba ya ku India, yomwe inatsala pang'ono kutheratu chifukwa chodya mitembo ya ng'ombe zobayidwa diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu. Nayonso inkafa ndi impso, mpaka boma la kumeneko linaletsa mankhwalawo pa ziweto mu 2006.

Madzulo ndili mu takisi yopita ku Cosmo City, ndinakumbuka achimwene ena a ku Mangochi okhala kuno, omwe galu wawo waswa posachedwa. Ndinawaimbira.

"Achimwene, tiana tija musatipatse Brufen kapena mapilisi a anthu ayi. Tikadwala mupite nato ku SPCA, bungwe losamalira nyama lija."

"Koma kamodzi kakutsegula m'mimba, achimwene. Ndimati ndikapatse kapisozi."

Ndinawachonderera kuti adikire kuche, tipite limodzi ndisanalowe ntchito. Avomera. Galu wa madamu wayamba chakudya chapadera cha odwala impso, ndipo andiuza kuti mbale yake ya madzi isamaume.