Chigayo cha m'kati mwa selo

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa proteasome, chigayo cha m'selo chophwanya mapuloteni osafunika, ndipo funso limodzi linandisowetsa tulo: selo limatayiranji ATP, kanthu konyamula mphamvu m'selo, pophwanya puloteni? M'mimba mwathu ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi, amadula nyama ndi nyemba osadya ATP ngakhale pang'ono. Nanga m'selomu mphamvuyo ikupita kuti?

Zinayamba kumveka nditasiya kuloweza n'kujambula chinthucho m'kope langa. Chigawo chapakati, chotchedwa 20S, chili ngati mgolo wa mikombero inayi yosanjikizana, uliwonse wa tizidutswa 7, tonse pamodzi 28. Mipeni yake ili pa mikombero iwiri yapakati, ndipo inaloza m'kati, moti puloteni yongodutsa panja siikhudzidwa. Khomo nalonso ndi lopapatiza zedi. Puloteni yopindika bwinobwino singalowe, iyenera kuwongoledwa kaye kuti ikhale ngati ulusi wolowa pa singano. Ntchito imeneyi ndi ya chivindikiro, 19S, chimene chili ndi tiinjini 6 todya ATP. Timagwira nsonga ya puloteni, kuikoka, kuimasula, n'kuikankhira mumgolo. Chotuluka kumeneko ndi tizibenthu tokhatokha.

ATP ina imathera pa chizindikiro. Puloteni yoti iphwanyidwe imamatidwa ubiquitin, kapuloteni ka ma amino acid (timikanda topanga puloteni) 76, kudzera mwa ma enzyme atatu opatsirana: E1, E2 ndi E3. Wosankha ndi E3, n'chifukwa chake munthu ali nawo mitundu mazanamazana pamene ma E1 alipo awiri okha. Ma ubiquitin akalumikizana anayi kapena kuposa, ngati mikanda, chivindikiro chimawazindikira. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti iwowo saphwanyidwa nawo. Amachotsedwa pakhomo n'kukagwiranso ntchito, monga thumba limabwerera kunyumba chimanga chikalowa m'chigayo.

Ndiye mphamvuyo imapita pa kusankha ndi pa kumasula. Kudulako n'kwaulere. Asayansi Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira njira ya ubiquitin imeneyi, pa nthawi imene anzawo ambiri ankangotanganidwa ndi mmene mapuloteni amapangidwira.

Ndimaganiza kuti izi n'zongolembera mayeso basi, mpaka ndinawerenga za bortezomib, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2003 pochiza khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa multiple myeloma. Amatseka mpeni wa mumgolo muja. Maselo a khansayi amapanga ma antibody (mapuloteni olimbana ndi matenda) ochuluka kwambiri, ndipo chigayo chikaima, zinyalala zawo zomwe zimawatsamwitsa.