Chitini cha Mankhwala cha Amayi

Kumudzi kwathu, cha kumsewu wopita ku Chadiza, amayi anali ndi chitini chakale cha mabisiketi chimene chinkakhala pamwamba pa kabati, ndipo aliyense m'banjamo ankadziwa kuti mankhwala amasungidwa mmenemo. Munkakhala Panado ndi timapaketi ta ORS, koma zochuluka zinali timatumba ta kuchipatala tokhala ndi makapisozi awiri kapena atatu otsala, tina zolemba zake zitafufutika kalekale. Ndinakula ndikuchilemekeza chitinicho, chifukwa kwa ine chinkasonyeza mayi wosamala amene sataya kanthu ndiponso amene matenda samupeza chimanjamanja. Maganizo amenewa anasintha m'mwezi wa Juni chaka chatha.

Amayi anayamba kutsokomola m'nyengo yozizira, atangomaliza ntchito ya nsawa. Kwa masiku anayi sanandiuze kanthu, koma anatsegula chitini chawo ndi kumeza makapisozi awiri amene anatsala pamene mdzukulu wawo ankadwala khutu, ndipo kutacha anatuma mwana kukagula ena anayi pa kagolosale kena. Pamene mlongo wanga ankandiimbira foni kuno ku Chipata, thupi lawo linali litatentha kwambiri, akupuma mothamanga, ndiponso akumva kubaya m'nthiti nthawi iliyonse akatsokomola. Ndinakawatenga tsiku lomwelo.

Dokotala amene anationa anayamba wawayeza malungo, amene sanapezeke, kenako anamvetsera m'chifuwa ndi kunena kuti ndi chibayo. Asanalembe chilichonse anafunsa kuti, "Ambuya, mwamwapo kale mankhwala anji?" Amayi anayankha kuti, "Timakapisozi chabe, mwana wanga, tija tofiira ndi tachikasu." Dzina la mankhwalawo sankalidziwa, mphamvu yake sankaidziwa, ndipo ngakhale ine sindikanatha kunena, chifukwa mtundu wa kapisozi suuza munthu zimene zili m'kati mwake. Funso lachiwiri linali lakuti kodi anatulukapo zidzolo kapena kutupa atamwa mankhwala a gulu la penicillin, ndipo atamva kuti sizinachitikepo, anawalembera amoxicillin wa masiku asanu, womwa katatu pa tsiku, ndi kutiuza kuti tibwerenso msanga ngati kupuma kukuvutirabe.

Mawu akuti katatu pa tsiku ndinali nditawamva kuyambira ubwana, koma ndinawamvetsa bwino tsiku limenelo pa windo lolandirira mankhwala. Ambiri timawamasulira kuti m'mawa, masana ndi madzulo, motsata nthawi ya nsima, ndipo kumudzi kumene anthu amagona msanga zimenezi zimasiya usiku wonse wautali thupi lili lopanda mankhwala okwanira. Cholinga chake n'chakuti pakati pa kumwa ndi kumwa papite maola pafupifupi asanu ndi atatu, kuti mphamvu ya mankhwala m'magazi isatsike kwambiri. Tinasankha 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Ndinatchera alamu pa foni, ndipo popeza amayi maso anayamba kuwavuta powerenga, ndinajambula timabokosi 15 pa pepala kuti azichonga kamodzi akameza.

Vuto lenileni linabwera usiku wa tsiku lachitatu. Thupi linali litazizira, anali atadya nsima ya therere mpaka kumaliza, ndipo m'kathumba munali mutatsala makapisozi asanu ndi limodzi. Anandiitana ndi kundiuza mofatsa kuti, "Mwana wanga, ine ndachira. Otsalawa tisungire ana, waona mmene kukuzizirira." Mawu amenewa anandikhudza, chifukwa sanachokere mu umbuli koma m'chikondi cha munthu amene anazolowera kudzimana. Ndinakhala pansi pafupi nawo ndi kuwayankha kuti, "Amayi, kutsika kwa kutentha kukutanthauza kuti tizilombo tachepa, koma amene anawerenga masiku oyenera ndi adokotala amene anakuyezani, ndipo ife sitingawadule tokha." Ndinawauzanso kuti mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, ndiponso kuti matenda amene mwanayo angadzadwale mwina sadzafuna mankhwala amenewa n'komwe.

Mfundo yomalizayi ndi imene imatipita ambiri. Maantibayotiki monga amoxicillin, Septrin ndi doxycycline amalimbana ndi mabakiteriya. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo kapisozi sachita nacho kanthu. Malungo nawo ali ndi tizilombo take ndi mankhwala ake, monga Coartem, amene amaperekedwa munthu atayezedwa magazi. Ngakhale chitopa, chimene chimachititsa anthu kumudzi kusungunulira nkhuku makapisozi m'madzi akumwa, chimayamba ndi vairasi ndipo chimapewedwa ndi katemera. Nthawi iliyonse imene tamwa antibayotiki popanda chifukwa, kapena tamwa pang'ono n'kulekeza, mabakiteriya ofooka amafa koma olimba amatsala, amaswana, ndipo amatha kufalikira kwa anthu ena m'nyumba ndi m'mudzi. Amene amasiya kumva mankhwala ndi tizilomboto, osati thupi la munthu, choncho ngakhale khanda limene silinamwepo kapisozi lingathe kudwala matenda osamva mankhwala.

Chenjezo limeneli si latsopano. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin ku London mu 1928, anachenjeza mu 1945, polandira mphotho ya Nobel, kuti kumwa mlingo wosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo. Kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi kumene kunakhudzidwa koposa. Aliyense amene anasamalirapo wodwala TB yosamva mankhwala akudziwa kulemera kwa nkhaniyi, pamene TB wamba imachizidwa m'miyezi isanu ndi umodzi munthu akamamwa mokhulupirika.

Malamulo a dziko lathu la Zambia salola kuti maantibayotiki azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo bungwe la ZAMRA ndi limene limayang'anira zimenezi motsata lamulo la mu 2013. Komabe sindingathe kuimba mlandu amayi kapena anansi awo. Munthu amene kiliniki ili kutali, amene akuganiza za ndalama ya njinga ndi tsiku lonse la pamzere, ndipo m'thumba muli ndalama yokwanira makapisozi anayi okha, amachita zimene akuona kuti n'zotheka. Amene ndimawadandaula kwambiri ndi ogulitsa amene amadziwa bwino kuti makapisozi anayi sachiza chibayo, koma amawawerengera m'manja mwa mwana wotumidwa ngati maswiti.

Pali zina zokhudza maantibayotiki zimene ndinaphunzira m'masiku amenewo zimene ndakhala ndikuuza abale. Womwa Flagyl sayenera kulawa mowa, kaya ndi kachasu kapena wamasese, mpaka patapita masiku awiri atamaliza mankhwala, chifukwa angathe kusanza kwambiri ndi kugunda mtima mothamanga. Doxycycline amafuna madzi ambiri ndiponso kuti munthu asagone atangomeza, ndipo nthawi zambiri saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ciprofloxacin salowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi mkaka. Kutsegula m'mimba pang'ono kumachitika ndi mankhwala ambiri a mtunduwu, koma zidzolo zofalikira, kutupa milomo kapena nkhope, ndi kubanika ndi zizindikiro zakuti munthu asiye kumwa ndipo athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Amayi anachonga bokosi la nambala 15 usiku wa tsiku lachisanu, ndipo titabwerera kukaonedwanso dokotala anati m'chifuwa mwayera. Powaperekeza kumudzi ndinawapempha kuti titsegule chitini chija pamodzi, ndipo anavomera ngakhale kuti zinkaoneka kuti zikuwawawa mumtima. Tinapezamo timatumba khumi ndi tiwiri, ndipo pa tonseto panali tiwiri tokha timene dzina la mankhwala linkawerengeka. Sindinafune kuwataya kudzala kumene ana amasewera ndi nkhuku zimapalasa, choncho ndinawamanga m'kapepala ndi kubwera nawo ku Chipata, kumene ndinakawapereka kwa wa pa windo la mankhwala. Chitinicho chinabwerera pamwamba pa kabati muli Panado, timapaketi ta ORS ndi khadi la amayi la kuchipatala.